Ayezi wa a Kantola

M'kabuku ka mbiri ya tauni yathu ya Kettle Narrows muli masamba anayi okamba za Akatumbu, timu yathu ya hoke, masewero a pa ayezi omenya kampira ndi ndodo, imene inatha mu 1961. Dzina langa, Nestor Pawluk, lilimo kasanu ndi kawiri, pamodzi ndi chithunzi chimene ndinajambulitsa mano onse akadali m'kamwa. Dzina la a Vilho Kantola lilimo kamodzi kokha: “Pa tsiku la masewero omaliza, wokonza ayezi, V. Kantola, anachoka pa ntchito n'kupita kukasamba.” Palibe liwu labodza m'chiganizo chimenechi, komabe chonsecho ndi bodza, ndipo mwini bodzalo ndine.

A Kantola anabwera kuno kuchokera ku Finland mu 1923 ali ndi zaka makumi awiri, nkhwangwa yawoyawo ili m'chikwama. Anadula mitengo m'nkhalango zaka khumi ndi zisanu, nkhalango nayo inawadula zala ziwiri za kumanzere. Eni fakitale ya mapepala atamanga bwalo la hoke mu 1938 n'kuyambitsa timu, ankafuna munthu wosaopa kuzizira komanso wosakonda macheza. Sanavutike kumupeza. Anali bambo wamfupi, wamapewa otambalala, womwa khofi atalumira kachibuluma ka shuga, ndipo mawu awo a tsiku lonse mukanatha kuwawerenga pa zala zimene zinawatsalirazo.

Timu yathu inali yolipidwa ndithu, ngakhale kuti chisanu chikatha tonse tinkabwerera ku fakitale kukakankha zipika. Mu ligi munali matauni asanu ndi limodzi a m'mphepete mwa njanji. Chikho tinatenga kawiri, mu 1949 ndi mu 1953, ndipo kachiwiriko fakitale inaliza wenzulo yake masana onse mpaka aphunzitsi anangowerutsa ana. Makochi ankabwera n'kupita, osewera ankathyoka n'kulowa ena, koma alendo akatsika sitima funso lawo linali limodzi: “Madala a ayezi aja akadalipo?” Ankadziwa kuti kwathu kampira kamayenda mowongoka ngati akukakoka ndi chingwe.

Anthu amaganiza kuti ayezi ndi madzi ouma basi. A Kantola ankamumanga mu Okutobala kwa masiku asanu ndi anayi, kuwaza madzi pang'ono, kudikira, kuwazanso. Pa nthawi yopumula ankatulukira ndi mgolo wa pa matayala awiri wodzaza madzi otentha, thaulo likukhwekhwereka kumbuyo, iwo akuyenda mwakachetechete ngati akuperekeza maliro. N'chifukwa chake tinkawatcha Madala a Thaulo. Akamaliza ankagwada n'kugogoda ayeziyo ndi mphete yawo yaukwati, khutu lili pansi. Kunsi kwa bwalo kunali mapaipi oyendamo madzi amchere ozizira kwambiri ochokera ku makina, ndipo chowonjezera kapena kuchepetsa madziwo chinali kagudumu kofiira ka m'chipinda cha makinawo. Kagudumuko panalibe wina wokakhudza, ngakhale bwana wa fakitale.

Tsiku langa loyamba mu timu ndinadutsa pa ayezi nditavala nsapato za mumsewu.

“Iwe, mwana wa Pawluk! Kwanu mumakwera pabedi la amayi ako ndi matope?”

“Pepani madala, ndimangodutsa.”

“Galu nayenso amangodutsa. Tenga chikolopa.”

Ndinakolopa, anzanga akufa ndi phwete. Koma kuyambira tsiku limenelo anandikonda, kukonda kwake kwa anthu osalankhula. Pa osewera onse ndine ndekha amene ankandiitana kukamwa khofi m'chipinda cha makina. Ndi mmene ndinadziwira kuti kiyi wa chipindacho amakhala pamwamba pa chitseko, ndiponso kuti kagudumu kaja ukakapotolera kumanja ayezi amafewa.

Chinthu chimodzi chokha chinkawachotsa pa bwalo. Loweruka lililonse, kuyambira 2 koloko mpaka 4 koloko masana, ankapita kwawo kukalowa m'sawuna, kanyumba kamatabwa kamene anamanga okha kuseri kwa nyumba, m'mphepete mwa mtsinje. Akazi awo, mayi Lempi, ankasonkhezera moto kuyambira m'mawa kuti miyala ipse, iwo n'kudzathirapo madzi, kukhala mu nthunzi mpaka kufiira, kenako kutuluka kukadzigubuduza m'chipale. Anthu a kwawo ndi otero: kutchalitchi akhoza kujomba, kusawuna ayi. Tauni yonse inkadziwa zimenezi, ndipo kwa zaka makumi awiri ndi zitatu panalibe anadandaulapo, chifukwa pofika madzulo ayezi ankakhala ali bwinobwino.

Chaka cha 1961 akuluakulu a ligi analengeza kuti akulowetsa timu ya mumzinda waukulu, ndipo malo ndi asanu ndi limodzi basi. Timu yothera kumchira iona msana wa njira. Kumchirako tinaliko ife ndi anyamata a ku Port Mabry, ndipo masewero omaliza anali athu ndi iwowo, pa bwalo lathu, Loweruka la pakati pa Malichi. Iwo kufanana mphamvu kunkawakwanira. Ife tinkafunika kupambana.

Ine ndinali kaputeni, zaka makumi atatu ndi zinayi, maondo akulira ngati chitseko chakale. Theka la timu yathu linali lotero. A ku Port Mabry anali ana, opepuka, othamanga. Aliyense wosewerapo hoke amadziwa kuti ayezi wolimba ndi wa othamanga, pamene wofewa amagwira mipeni ya kunsi kwa nsapato, onse n'kumayenda mofanana, ndiye olemera ngati ife timangowapanikizira kukhoma. M'mawa wa Lowerukalo ndinapita kukamwa khofi.

“Madala, lero tifewetsereni pang'ono. Pang'ono chabe. Ana ajawa atithamangitsa mpaka tisanza.”

Anandiyang'ana, shuga ali kumano. “Ukufuna ndiphike phala?”

“Ena onse amachita. Ku Port Mabry komweko, tikapita ife, amaumitsa dala.”

“Ku Port Mabry kulibe Kantola. Ayezi wanga sadziwa kuti uyu ndi wathu, uyu ndi mlendo. Ngati maondo akukana, kakambirane ndi maondowo.”

“Timu ikatha, inunso ntchito yatha.”

“Ikatha, ithere pa ayezi wabwino.”

Ndinaseka, n'kuwagwira chanza. “Chabwino madala, mwawina.”

Ndikanakonda kunena kuti ndinalimbana ndi mtima wanga, koma ndingakhale ndikunamanso. Nthawi itangopitirira 2 koloko ndinawaona akukwera chitunda ulendo wa kwawo, chikhoto chili phewa limodzi. Ndinatenga kiyi pamwamba pa chitseko, ndinalowa, ndinapotola kagudumu theka kumanja, ndinatseka, n'kubwezera kiyi pamalo pake. Sizinatenge ndi mphindi ziwiri zomwe. Maganizo anga anali oti pakatha ola limodzi ndidzabwezeretse, ayezi angofewa pamwamba pokha, madala asadziwe kanthu. Koma kochi anatisonkhanitsa kuhotela kukadya nyama, kunabwera wojambula zithunzi, meya nayenso anafuna kulankhulapo, ndipo meya wathu akayamba kulankhula ankaiwala kuti anthu ali ndi kwawo. Pamene ndinkabwerera ku bwalo n'kuti 4 koloko itadutsa. Ndinawapeza a Kantola atagwada pakati pa ayezi, nkhope ikadali yofiira ndi nthunzi, akugogoda ndi mphete. Anagogoda apa, anakwawa, anagogodanso apo. Kenako anadzuka n'kuthamangira ku makina, ndipo aka kanali koyamba kuwaona akuthamanga.

Kagudumu anakabweza, koma ayezi si nyali yoti ungoyatsa. Tsikulo kunali kofunda, madenga akudontha, ndipo pofika 7 koloko munali mutalowa anthu zikwi zitatu ndi makhoti awo, fodya wawo ndi mpweya wawo. Pamwamba pa ayezi panali ponyezimira ndi madzi.

Choipa kwambiri n'chakuti nzeru yanga inagwira ntchito. Ana aja anasowa liwiro, tinawapanikiza mmene ndinkafunira, ndipo itatsala mphindi imodzi zigoli zinali ziwiri kwa ziwiri. Ndiye goloboyi wawo anatuluka kuthamangira kampira, anaterereka n'kugwa chagada, kampirako n'kubwera pa ndodo yanga. Golo inali yasa, popanda munthu, mapazi khumi kuchokera pamene ndinali. Kwa zaka khumi ndi zinayi ndinazolowera kuti pa ayezi wa a Kantola sufunika kumenya mwamphamvu, umangokankha, kampira kamapita kokha. Ndinangokankha. Kanayenda, kanalowa pa kathamanda ka madzi, kanazungulira kamodzi, n'kuima. Panatsala chikhatho chimodzi kuti kadutse mzere. Belu linalira.

Kenako wina kumtunda anakuwa: “Kantola anali kusawuna!” Mawuwo anayenda mipando yonse. A Kantola, mwa chizolowezi chawo, anatulukira ndi mgolo wawo kuti asalaze ayezi amene panalibenso wodzaseweraponso, ndipo anthu anawagenda ndi makapu, zipewa, makoko a mtedza, wina mpaka nsapato. Sanaime, sanathamange. Anazungulira bwalo lonse mmene ankachitira masiku onse.

Ine ndinali m'chipinda chovalira. Mtolankhani wa nyuzipepala ya m'tauni anandifunsa, “Kaputeni, za ayeziyu mukutipo chiyani?” Pakamwa panga panali potsegula, anzanga onse akumvetsera, ndipo ndikanatha kuithetsa nkhaniyi pomwepo. Ndinati, “Ayezi mwamuona nokha.” Mawu atatu amenewo anatuluka pa tsamba loyamba Lolemba, pansi pa chithunzi changa nditagwira kumutu.

Akatumbu anathera pamenepo. Majuzi athu anapatsidwa kwa ana a sekondale, chikho chinakaikidwa m'kabati ku holo ya tauni, osewera anabalalika. Ine zinandiyendera. Anthu ankandimvera chisoni, kaputeni wolandidwa chigoli ndi madzi, choncho nditayamba kugulitsa magalimoto aliyense ankafuna kugula kwa ine. A Kantola anachotsedwa pa bwalo sabata yomweyo, n'kukakhala wosesa ku fakitale mpaka kupuma ntchito. Ana akawaona mumsewu ankaimba kuti, “Wasamba, wasamba, timu yamira!” Mayi Lempi, amene buledi wawo wotsekemera woluka ankatha m'mawa pa msika wa tchalitchi, anayamba kubwerera naye kunyumba, mpaka anangosiya kuphika. Anamwalira mu 1979. Nkhuyu ndinadya ndine mwana, koma zinapota akuluakulu.

Tikakumana mumsewu a Kantola ankavula chipewa n'kunena, “Kaputeni.” Zaka zonsezo, osaphonya. Ine ndinkakhulupirira kuti akudziwa. Angalephere bwanji kudziwa, poti m'mawa ndinawapempha, masana zinachitika? Ndiye ndinadzipangira nkhani yondigonetsa tulo: madalawa akudziwa, asankha okha kukhala chete, mwina andikhululukira, ndipo ngati akufuna kunena pakamwa ali napo. Chipewa chija masiku ena ndinkachiona ngati chifundo, masiku ena ngati chitonzo, koma zonse ziwiri zinkandikomera kuposa kutsegula pakamwa panga. Munthu wamantha sasowa zifukwa, ndipo zanga zinali zokonzedwa bwino.

Koma mlandu suola. Mu 1986 khonsolo inaganiza zogwetsa bwalo lija, ndipo anakonza mwambo wotsanzikana nalo Lamlungu lina la mu Novembala. Anandipempha kuti ndikalankhule monga kaputeni womaliza, n'kunditumizira kabuku kaja kuti ndikumbukire zaka. Nditawerenga chiganizo chija ndinalephera kudya. Loweruka masana ndinayendetsa galimoto mpaka ku mtsinje.

Ndinawapeza akuwaza nkhuni, ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu ndi zitatu, nkhwangwa ili yomwe ija. Anavula chipewa.

“Kaputeni. Mwasochera?”

“Ayi madala, ndabwera dala. Mawa mubwera ku mwambo?”

“Kukatani? Nsapato ina ija anaiwala kundigenda nayo?” Anaseka pang'ono. “Tiye, ndikuonetse chinthu.”

Ananditengera kuseri n'kutsegula sawuna. Munali matumba a mbatatesi, zitini za penti, njinga yopanda tayala, ndi akangaude pa miyala. Munkanunkha chinyezi, osati utsi. Pa benchi panali kagudumu kofiira kaja, pamodzi ndi chidutswa cha paipi yake.

“Atasintha makina ndinakapempha,” anatero. “Ndakamasula, ndakamanga, ndakagwedeza, ndakasiya panja pozizira, ndakaika pa moto. Sikapotoka kokha aka. Ndiye ndine. Ndisanachoke ndinkakayang'ana nthawi zonse. Tsiku lija ndiyenera kuti ndinakagwira, mutu uli kale kuno kusawuna, dzanja n'kupotolera kolakwika. Sindikumbukira. Chimene chimandipweteka n'chimenecho, kuti sindikumbukira.”

“Nanga sawunayi?”

“Sindinayatsemonso moto. Munthu amene anamiza timu chifukwa cha thukuta lake akalowemonso?”

“Madala, simunaganizepo kuti mwina anali munthu wina?”

“Ndani? M'tauni muno, tsiku limene lija, ndani akanaononga ayezi? Iwe wekha ndiwe unandipempha, ndinakana, unandigwira chanza. Ndinafika kuno n'kumuuza Lempi kuti mwana wa Pawluk ndi mwamuna, amamva akakanizidwa.”

Ndiye kuti chipewa chija chinali ulemu weniweni. Zaka makumi awiri ndi zisanu munthuyu ankandivulira chipewa chifukwa ankandiyesa wolungama. Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chibadwire, ndipo ndikanakhala ndi njira yothawira ndikanathawanso. Koma chitseko chinali chimodzi, iwo ataima pomwepo.

“Simunalakwitse inu, madala. Ndinapotola ndine. Kiyi ndinatenga pamwamba pa chitseko, inu muli muno.”

Ananyamula kagudumuko n'kukayang'ana ngati akukaona koyamba.

“Theka?”

“Theka.”

“Kumanja?”

“Kumanja.”

“Ndiye kuti sindinaiwale.” Anakhala pansi pa thumba la mbatatesi. “Sindinaiwale.” Patapita nthawi anati, “Lempi ankanena. Ankati, Vilho, iwe suiwala chinthu, alipo wina. Tsiku lina anatchula dzina lako. Ndinamukalipira kuti asamadetse mayina a anthu. Ndinatha sabata yathunthu osamulankhula, chifukwa cha iwe.”

Ndinayamba kupepesa. Anakweza dzanja la zala zitatu lija, ine n'kutseka pakamwa.

“Tulutsa mbatatesizi.”

Ndinatulutsa matumba onse, zitini, njinga. Anandituma kusesa, kutsuka mabenchi, kutunga ndowa zisanu ndi imodzi za madzi ku mtsinje, kutuntha nkhuni. Ndinali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zinayi, nditavala suti yogulitsira magalimoto, ndipo ndinagwira ntchitoyo ngati wobwerekedwa. Moto anayatsa okha. Poyamba utsi unakana kukwera, m'chumuni munali zisa za mbalame, kenako unatuluka. Tinakhala panja maola awiri kudikira kuti miyala ipse. Ndinkadziwa mwambo wa anthu a kwawo, anandiuzapo okha kale: amuna akalowa limodzi m'sawuna amasiya mkangano panja pamodzi ndi zovala, ndipo akatuluka sautolanso. Mtima wanga wopanda manyaziwu unayamba kale kuyembekezera. Atadzuka n'kutenga thaulo, ine ndinayamba kumasula mabatani a malaya.

“Iwe ayi.”

Ndinaima, batani lili m'manja.

“Mawa ukanene pamaso pa anthu, mokweza ngati mmene unkakuwira pa bwalo. Ndipo utchule dzina la Lempi. Ukanene kuti iye ankanena zoona.”

Analowa n'kutseka chitseko. Ndinamva madzi akuti tswee pa miyala, kenako kachiwiri, kenako mawu a munthu wokalamba akulankhula chinenero cha kwawo, ndipo sankalankhula ndi ine.

Lamlungulo ndinanena zonse, anthu mazana anayi akumva, ndipo ndinatchula mayi Lempi kawiri. Palibe anandigenda. Ena anaseka poyamba, kuyesa nthabwala. Pa khofi anthu ankandisisita pamsana n'kumati, “Zinapita izo kaputeni, munachitira timu,” wina mpaka anati ndine wolimba mtima. Ndinapsa mtima. Anthu omwewo amene anakaniza madala aja moni zaka makumi awiri ndi zisanu, ine anandikhululukira khofi asanazizire. Kabuku kaja sanakasindikizenso. Ndinapita ku laibulale n'kukalemba zoona ndi cholembera m'mphepete mwa tsambalo, ndipo mayi woyang'anira mabuku anandikalipira chifukwa choononga buku.

A Kantola ku mwambowo sanabwere. Anakhala ndi moyo nyengo zina ziwiri za chisanu. Loweruka lililonse cha m'ma 2 koloko ndinkaimitsa galimoto pa mlatho, n'kuyang'ana kumunsi kwa mtsinje mpaka nditaona utsi ukukwera kuseri kwa nyumba yawo, kenako n'kubwerera ku ntchito. Mumsewu tinakumanapo kanayi kapena kasanu. Ankandiyang'ana m'maso n'kudutsa, chipewa chili kumutu. M'tauni yonse ya Kettle Narrows, iwo okha ndi amene anandipatsa zondiyenera.